Dzina la Phiri Lathu

Mphuno anali akusanjikiza mipando yobwereka pakhonde pamene lole inalowa chafutambuyo pabwalo la shedi ya khofi. Poyamba anaganiza kuti ndi eni mipandoyo, koma lole imeneyi inali yodzaza kale, lona atamanga mpaka pamwamba, matayala ataphwatalala ndi kulemera.

Bambo ake anali atangoikidwa kumene. Achibale akutali anali atabalalika, panyumba patatsala iye, amayi ake ndi mchimwene wake wa kutauni, amene anali asanabwerere. Dzina lakuti Mphuno anamupatsa ndi bambo akewo ali kamtsikana, chifukwa ankalowetsa mphuno m'thumba lililonse la khofi limene lafika pashedi. Linamukakamira mpaka tsopano ali mayi wamkulu, woyendetsa makina okazingira khofi a gulu la alimi a paphiripo.

Dalaivala anatsika, n'kuvula chipewa.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Tinamva."

"Zikomo, bambo. Mwatenga chiyani?"

"Khofi. Titsitsire mbali iti?"

"Khofi amachoka kuno, sabwera kuno. Mwasochera."

Dalaivala anayamba kuseka, kenako anakumbukira kuti ali pakhomo pamene pagwa maliro, n'kudziletsa.

"Kusochera ayi. Abwana anena okha kuti kuyambira lero tizitsitsa kuno. Kale tinkakasiya kutauni, kunyumba yawo yosungiramo katundu ija."

"Abwana ake ati?"

"Achimwene anu."

Mphuno anaika pansi mpando umene anali nawo m'manja. Anapita kumbuyo kwa lole, n'kukweza lona pang'ono. Matumba ake anali opanda chidindo chilichonse.

"Ameneyu wachokera kuti?"

"Kuchigwa, kuminda ikuluikulu ija. Zaka zonsezi wonyamula ndine. Ndikatsitsa kutauni, amamusakaniza ndi wanu wakuno, atsikana n'kumaika m'mapaketi okongola aja, a dzina la phiri lino." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Msewu wanuwu ndi woipa, mayi. Bola kale. Abwana ankati madala akadali moyo, lole isayerekeze kukwera kuno."

Atatha kunena mawuwo m'pamene anayang'ana nkhope ya Mphuno. Anavala chipewa chake mwakachetechete n'kukakhala m'lole, chitseko n'kutseka.

Kuti munthu amvetse chimene chinamuumitsa Mphuno pabwalopo, ayenera kudziwa za dzina la phirilo. Khofi wa kumeneko ankadziwika kutali, ndipo kudziwikako ndi kumene kunawabweretsera mavuto. Amalonda ankagula khofi wamba kulikonse, n'kulemba dzina la phiri papaketi. Ogula ankamwa, n'kukhumudwa, n'kumati khofi wa kuphiri kuja anatha mphamvu. Bambo a Mphuno ndi amene anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa alimi. Anagwirizana malamulo: khofi wotchedwa ndi dzina la phiri akhale wolimidwa kumtunda kwa mtsinje, wothyoledwa atafiira, woyanikidwa pathandala osati pansi. Malirewo atawaika, munda wina wa bambowo, wobereka kuposa yonse, unagwera kumunsi kwa mtsinje. Anthu anati malire akhoza kukhota pang'ono chifukwa bambowo ndiwo anali atcheyamani a gulu. Iwo anakana. Khofi wa m'munda umenewo ankagulitsidwa wopanda dzina mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo Mphuno ankanyadira nkhani imeneyi kuposa china chilichonse cha panyumba pawo.

Chinatsala n'kuteteza dzinalo ndi lamulo, kulilembetsa ngati chizindikiro cha malonda cha gulu lonse, kuti wina aliyense wolilemba pa khofi wa kwina aziyankha mlandu. Pamsonkhano alimi anasankha mwana wa atcheyamani, wophunzira, wodziwa makomo a maofesi, kuti akawalembetsere. Anabwerako ndi chidindo chatsopano chokhala ndi dzina ndi chithunzi cha phiri. Anthu anaomba m'manja. Kuyambira pamenepo khofi wambiri wa gulu ankapita kudzera kwa iye, chifukwa ndi amene ankadziwana ndi ogula.

Mchimweneyo anatuluka m'nyumba foni ili kukhutu, atavala patapata wa malemu. Ataona lole, kenako mlongo wake, anadula foni.

"Afika msanga," anatero. "Ndimati ndikufotokozere kaye. Tiye m'shedi."

M'shedi munali kuzizira, mukununkhira khofi wokazinga wa sabata yatha. Mphuno anaima pafupi ndi sikelo. Mchimwene wake anakhala pathumba.

"Usandiyang'ane choncho. Mvera kaye."

"Ndikumva, achimwene."

"Nditapita ku ofesi kuja, anandiuza kuti chizindikiro cha gulu chimafuna gulu lolembetsedwa kuboma, malamulo olembedwa, mapu osonyeza malire, komanso njira yoonera kuti malamulowo akutsatidwa. Inu munali ndi chiyani? Msonkhano wa pansi pa mtengo ndi mawu a bambo. Nthawi yomweyo kampani ina inali itayamba kale kununkhiza dzinalo. Ndikanabwerera kudzakudikirani kuti mugwirizane, bwenzi litapita. Ndiye ndinalembetsa m'dzina la kampani yanga, kuti ndikugwirizireni."

"Munabwera n'kunena kuti zatheka."

"Zinathekadi. Kuchokera nthawi imeneyo unamuonanso wamalonda akulemba dzinali pa zinyalala zake? Ndinawathamangitsa onse. Loya ndinkalipira ndine."

"Munawathamangitsa kuti mutsale nokha."

Mchimweneyo anapumira m'mwamba, ngati mphunzitsi amene watopa ndi mwana wosamva masamu.

"Iwe umakhala muno ndi makina akowa. Sudziwa mmene ogula amalankhulira. Akufuna khofi wochuluka kuposa amene phiri lino lingabale, mwezi ndi mwezi, mvula igwe kapena isagwe. Ndiziwauza chiyani? Kuti adikire nkhalamba za kumtunda zithyole? Amapita kwina ndipo sabweranso. Khofi wa kuchigwa ndi amene wakhala akusunga msika wa alimi akowo."

"Nanga bwanji simunawauze, kuti akuthokozeni?"

Mchimweneyo anatola njere imodzi pansi n'kuiponya m'thumba lotsegula. Mphuno anapita n'kuichotsamo. Khofi wagwa pansi sabwerera m'thumba, ndipo mchimwene wake ankadziwa zimenezo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

"Ndiye lero lole yakwera bwanji?"

"Ogula akubwera mwezi wamawa kudzaona kumene khofi wawo amachokera. Adzajambula zithunzi. Sangapeze shedi ili ndi matumba ochepawa pamene ine ndimawatumizira ochuluka. Uwadinde onse, tiwasanje mpaka kudenga. Akapita, ntchito yonse yoika m'mapaketi ibwera kuno. Udzakhala woyang'anira ndiwe. Sindikukutaya, mlongo wanga."

"Nanga alimi amene amadziikira okha m'mapaketi, n'kumagulitsa kumsewu?"

"Azipempha chilolezo kwa ine. Sindingawakanize. Koma zizidutsa m'njira yake, chifukwa chizindikirocho ndi changa."

"Phirinso ndi lanu?"

"Phiri ndi la Mulungu. Ine changa ndi chimene chili papaketi."

Mphuno anayang'ana chidindo chimene chinali pashelefu, chogwirira chake chitasalala ndi dzanja lake lomwe. Thumba lililonse limene linapita kutauni kukasakanizidwa linadutsa pansi pa dzanja limenelo.

"Mwachita bwino kudikira kuti bambo afe," anatero. "Akanamva zimenezi, bwenzi titawaika kalekale."

Mchimwene wake anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'maso mwake munali ngati chisoni.

"Bambo ankadziwa."

"Musawanamizire. Sangadziyankhire."

"Kafunse amayi."

Mphuno anatenga chidindo n'kuchiika m'thumba la epuloni. Anadikira kuti mchimwene wake atuluke, n'kukoka chitseko, kukhoma loko, kiyi n'kumangirira pachingwe cha m'khosi.

"Shediyi ndi ya banja," anatero mchimweneyo.

"Makina ali mkatimo ndi a gulu."

"Chabwino. Atsitsira panja. Ukatopa n'kukwiya udzatsegula."

Amayi anali kuchipinda, atakhala pabedi, akupinda malaya a malemu n'kumaika m'katoni. Ankamanga mabatani onse asanapinde, mpaka la pakhosi. Mphuno anaima pakhomo.

"Amayi, n'zoona?"

Amayi sanafunse kuti chiyani. Zenera lawo linkayang'ana kushedi.

"Tseka chitseko. Khala pansi."

Anatseka, koma sanakhale.

"Chaka chatha, ulendo uja anapita kuchipatala kukajambulitsa pachifuwa," amayi anayamba, maso ali pa malaya. "Atamaliza anati akamudzidzimutse mwana wawo kuntchito. Anakapeza lole ikutsitsa, atsikana akusakaniza. Anabwera kuno osadya, osalankhula. Ine ndimayesa adokotala awauza zoipa."

"Ndipo inu munadziwa tsiku limenelo?"

"Ine ndinadziwa kale pang'ono. Mchimwene wako anandiuza za kulembetsa kuja. Anati adzakonza zinthu zikakhala bwino."

"Ndiye m'nyumba muno wosadziwa ndinali ine ndekha."

"Tinkakudziwa mtima wako."

Mphuno anaseka, kuseka kouma kopanda chimwemwe.

"Patangopita sabata chibwerereni kutauniko kunali msonkhano wa alimi. Ndinalipo, amayi. Anaimirira n'kuwauza anthu kuti asamale pothyola, dzina lathu lisaipe. Ine n'kuomba m'manja kutsogolo."

"Unkafuna atani? Aimirire pamaso pa anthu onse aja, anene kuti mwana wanga amene munamutuma uja wakuberani?"

"Eya."

"Ulibe mwana wamwamuna, n'chifukwa chake ukuyankha msanga."

"Ndikanakhala ine wosakaniza khofiyo, akanandibisa?"

Amayi anasiya kupinda.

"Iwe sukanachita."

"Sindinafunse zimenezo."

Panja anyamata a lole anali atayamba kutsitsa. Thumba lililonse likagwa pasimenti, mawindo ankanjenjemera pang'ono.

"Anamuitana kuno," amayi anapitiriza motsitsa mawu. "Anakhala naye pabalaza chitseko chotseka. Anamuuza kuti abweze dzina kwa eni ake. Mnyamatayo analira, n'kulonjeza. Kenako anati adikire amalize kaye mgwirizano ndi ogula. Kenako anati chaka chamawa. Bambo ako mphamvu zinali zikutha. Chimene anakwanitsa n'chokhacho, chakuti khofi wa kuchigwa asaponde paphiri pano iwo akupuma."

"Ndipo achimwene asungadi pangano. Sanachedwe ngakhale pang'ono."

"Usalankhule choncho. Nayenso waferedwa." Amayi anatambasula dzanja. "Bweretsa kiyi. Alowetse matumbawo anthu asanayambe kufunsa. Zinazo tidzakambirana monga banja. Dothi la pamanda silinaume, mwana wanga, usatiyalutse."

Mphuno anayang'ana dzanjalo. Linali dzanja lomwe linkamuluka tsitsi, lomwe linkasisita msana wa bambo ake miyezi yonse ya kudwala. Anafuna kuligwira n'kulira. M'malomwake anagwira chingwe cha m'khosi mwake n'kulowetsa kiyi mkati mwa bulauzi.

"Pepani, amayi."

Madzulo a tsikulo chakudya chinafika patebulo. Mchimwene wake anakhala pampando wa bambo chifukwa ina inali itabwezedwa kwa eni ake, ndipo atazindikira anafuna kudzuka, koma amayi anamugwira paphewa kuti akhale. Mphuno anatenga mbale yake n'kukadyera kukhitchini.

Chimene chinkamuwawa kwambiri si mchimwene wake. Ameneyo anamudziwa kuyambira ali ana, wokonda kudula njira, wokhoza kukufotokozera bwinobwino chifukwa chimene gawo lake lakulira. Koma bambo ake. Chaka chathunthu ankabwera m'shedi m'mawa uliwonse, n'kukhala pathumba kumamuonerera akudinda. Nthawi zina ankamutengera inki. Ankaona matumba akukwera galimoto ya kutauni, akudziwa kumene akupita ndi chimene akukachitidwa, n'kumufunsa ngati wamwa tiyi. Mphuno ankaganiza kuti kukhala chete kwawoko ndi matenda.

M'mawa mwake anadzuka n'kuvala nsapato zoyendera. Mulu wa matumba unali pakhonde la shedi, lona atafunditsa mwachisawawa, mame ali mbuu pamwamba. Amayi anali akusesa pakhomo. Anamuona akutuluka, anaona njira imene walowera, koma sanamuitane. Tsache lokha ndi limene linaima.

Alembi a gulu ankakhala kumtunda kwenikweni, kumene msewu umathera. Anali mayi wamasiye amene kale ankaphunzitsa kusukulu, ndipo theka la alimi a gululo anadutsa m'kalasi mwawo, moti pamsonkhano akangotsokomola, amuna a imvi ankakhala bwino. Mphuno anawapeza akutembenuza khofi pathandala.

"Wabwera ndi nkhani ya lole," anatero asanamupatse n'komwe moni. "Phiri lonse laiona. Ena akuti ndi feteleza wa chipepeso. Ndawauza kuti feteleza sanyamulidwa m'matumba otero. Tiye m'nyumba."

Anamukhazika pampando wa pafupi ndi zenera n'kumuthirira tiyi. Mphuno anafotokoza zonse, kuyambira pa dalaivala. Alembi anamvetsera osamudula. Atafika pa za chilolezo, anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Ndiye kuti ine, wobadwira pano, ndizikapempha kwa mwana amene ndinamuphunzitsa kulemba dzina la phiri lino pabolodi."

"Akutero."

"Ankalilemba molakwitsanso." Anapukusa mutu. "Vuto lina ndi langa. Ndine mlembi. Ndinayenera kufunsa kuti satifiketi yake ili m'dzina la yani. Ndinaona chidindo n'kukhutira, chifukwa wobweretsayo anali mwana wa bambo ako."

"Pali chimene chingachitike?"

"Chilipo. Loya wina anadzatiphunzitsa ife alembi a magulu. Anati chizindikiro chimene munthu walembetsa mwachinyengo, atatumidwa ndi ena, chikhoza kufafanizidwa. Anatinso dzina la malo likamanamiza ogula za kumene katundu wachokera, lamulo sililiikira kumbuyo. Tikatero tilembetse chathu cha gulu, ndi malire ake ndi malamulo ake, monga zinayenera kukhalira poyamba. Zakuti tinamutuma, mboni ndi msonkhano wonse. Koma za kusakaniza, dalaivala uja sadzalankhulanso, ali ndi ana. Wamva kuchokera pakamwa pa mwini wake ndiwe."

"Ndidzanena."

"Pamaso pake?"

"Pamaso pake."

"Amayi ako adzakhala kumbuyo kwake, osati kwako. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Alembi anamuyang'anitsitsa.

"Loya wake adzafuna kusonyeza kuti gulu linavomereza. Adzakufunsa ngati atcheyamani ankadziwa. Pamenepo udzati chiyani?"

Mphuno anali atasiya mbali imeneyo dala. Anazunguza kapu pasosala.

"Ankadziwa," anatero. "Chaka chathunthu. Sanauze munthu. Ngakhale ine."

Alembi sanadabwe monga iye ankayembekezera. Anangotseka maso kanthawi.

"Ndidzanenanso zimenezo," anatero Mphuno. "Asadzanene kuti ndinabisa monga anabisira iwo."

Ndipo ananenadi. Nkhaniyo inayenda pang'onopang'ono monga zimayendera nkhani za m'maofesi. Ogula aja anamva mphekesera asanabwere, ulendo wawo n'kulephereka, ndipo nyengo imeneyo alimi ambiri anagulitsa khofi wawo motchipa kwa aliyense wobwera. Ena anamutukwana Mphuno chifukwa cha zimenezo. Ena anasiya kutchula bambo ake, ndipo chithunzi chawo chimene chinali mu ofesi ya gulu chinachotsedwa tsiku lina popanda wonena kuti wachotsa ndani. Pamapeto pake chizindikiro cha mchimwene wake chinafafanizidwa, dzina n'kulembetsedwa m'dzina la gulu, malire ake mtsinje womwe uja. Amayi anasamukira kutauni kwa mwana wawo wamwamuna. Akaimba foni amafunsa za mvula ndi za nkhuku, Mphuno n'kuyankha za mvula ndi za nkhuku.

Koma zonsezo zinali kutsogolo. M'mawa umenewo, atatha kunena kuti bambo ake ankadziwa, misozi imene inakana kutuluka pamaliro inabwera yonse, yaukali. Alembi anamusiya alire. Atatonthola anadzuka kuti azipita, iwo n'kumuperekeza.

"Tsopano ndamvetsa chinthu china," anatero alembi ali pakhonde. "Miyezi yapitayi bambo ako ankabwera kuno. Wapansi, ndi chifuwa chija, kupumira panjira ngati galimoto yakale. Ulendo woyamba anakhala pampando wakhala iwewo, n'kunena kuti, alembi, ndili ndi mawu. Ine n'kuti, nenani atcheyamani. Anakhala, anakhala, tiyi mpaka kuzizira. Kenako anayang'ana kudenga n'kuti, lata ili likudontha, muli ndi hamala?"

Mphuno anakweza maso. Pakati pa malata akale panali misomali yatsopano yonyezimira, yokhomedwa mumzere wowongoka.

"Anabweranso. Alembi, ndili ndi mawu. Tsiku limenelo anandikonzera mwendo wa thandala. Kenako wilibala. Ndinayamba kuchita mantha kuti mwina nkhalambayi ikufuna kundifunsira." Anaseka pang'ono n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndinamva kuti ankapitanso kwa ena a komiti. Kwa asungichuma anakonza mpope. Koma konseko bambo ako sananene kanthu."

"Bola akananena," anatero Mphuno. "Mpope uli ndi ntchito yanji?"

"Bola akananena," alembi anavomera.

Anafika pageti. Linali geti lakale lamatabwa, koma thabwa limodzi la m'munsi linali latsopano, losapaka utoto.

"Ili ndi la ulendo womaliza. Linkakhula pansi, ndinkachita kulinyamula potsegula. Anagwada apa mpaka dzuwa kupendeka, msomali wa sikulu uliwonse kugwa kaye pansi asanaumange. Ndinati, atcheyamani, mawu aja bwanji? Anati ndibwera mawa."

Mphuno anatuluka. Anayenda pang'ono, n'kuima, n'kubwerera, chifukwa anali atasiya geti lotsegula. Analikankha ndi chala chimodzi. Linayenda lokha mosakhula, n'kukadzitseka bwinobwino. Anakhala ataligwira thabwa latsopanolo kanthawi, kenako anayamba kutsetsereka.